Injini ya Feston Ili Pansi pa Nyanja

Mudzi wa Msumbi, Mtakataka
2 Okutobala 2023

Dyson mwana wa mlongo wanga,

Ndati ndikupatse moni. Uli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, kungoti kwatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa, ndipo mwendo wanga uja ukuchita zake. Amayi ako ndinawaona ku Mua Lamulungu. Ali bwino, akungodandaula kuti suimba.

Ine za foni sindizitha. Ndikulemba pa pepala la m'kope, ndiye Dorica, mkazi wa msuweni wako Feston, ajambula n'kukutumizira. Ukayankha ulembe zomveka, usadule mawu ngati mmene achitira ana a masiku ano.

Nkhani ndi iyi. Injini ya boti la Feston yagwera m'nyanja. Lachinayi lapitali m'mawa akubwerera kokoka usipa, funde linamenya kumbuyo, thabwa limene injini imakhalapo linali lowola, basi linangothyoka. Injini inapita ikulira. Chingwe chimene amaikoleka nacho kuti isagwe, iye anachimasula mwezi watha kukamangira mbuzi. Usandifunse, ndi mwana wanga koma nzeru zimenezo sanatenge kwa ine.

Malo tikuwadziwa. Ukakhala pamenepo n'kuyang'ana kumtunda, mlambe wa padoko umalunjika pa nsonga ya phiri lija la mphanda, ndipo nsanja ya mafoni imabisala kuseri kwa migwalangwa. Tinaponya chingwe chomanga mwala, ndinachiyeza ndi manja anga otambasula, ndi mikwamba 17. Masiku atatu takhala tikukoka mbedza yaikulu yachitsulo. Imakola ndithu, koma tikati tikweze imapulumuka. Pakufunika munthu atsike akaimange ndi manja.

Boti limenelo likudyetsa nyumba ziwiri, ya Feston ndi yanga. Pano lili pamchenga, nkhuku zikugonamo. Mvula ikayamba mitsinje idzatsitsa matope a kumapiri, injini idzakwiririka, sitidzaionanso.

Amayi ako amationetsa zithunzi zako utabereka mabotolo a mpweya awiri, wavala zakuda thupi lonse ngati wopita kumaliro. Akuti ntchito yako ndi yobira pansi pa nyanja yamchere. Ine kubira ndinasiya kale, chifuwa chinatha. Ndiye ndati ndifunse, ungabwere? Ngati sungathe, tiuze chochita.

Ndine malume ako,
Ezekiele Kamtedza


Sodwana, South Africa
10 Okutobala 2023

Amalume,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Inenso ndili bwino, ntchito ikuyenda. Pepani ndi za injini. Msuweni wangayo mumuuze kuti mbuzi ija aziikwera popita kokoka usipa.

Koma ndikufotokozereni kaye, chifukwa ndaona kuti kumudziko simukudziwa mtundu wa kubira kumene ndimachita. Kuno obira alipo ambiri, koma gulu lathu ndi losiyana nawo. Ife tili ndi njira imodzi, ndipo aliyense amaitsata kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zida zathu ndi zofanana. Payipi yopumira ndi yotalika mofanana, mpeni umakhala malo amodzi pa lamba, tochi imakhala kudzanja lamanzere. Ngakhale mumdima ndikhoza kugwira chida cha mnzanga osachiyang'ana. Tisanalowe timayendera zida zonse limodzi, chimodzichimodzi, osadumpha. Pansi timagona chafufumimba, sitiponda matope. Lamulo lalikulu ndi lakuti sitilowa tokha, komanso sitilowa ndi munthu amene sanaphunzire njira yathu. Aphunzitsi athu amati munthu wotere ndi maliro amene sanalengezedwe.

Mayeso ake amagwetsa ambiri, azungu omwe. Ine ndinapambana, ndipo m'gulu lonse wochokera ku Malawi ndine ndekha. Ngakhale pa chakudya tili ndi tebulo lathu, enawo amangotiyang'ana.

Ku Malawi kulibe munthu wa njira yathu ngakhale mmodzi. Ndiye mukuona nokha kuti sindingabwere kudzalowa. Zija munkachita inu ku Senga Bay, zopumira payipi ya komporesa n'kumagwira tinsomba ta mbuna, kuno sitizitcha kubira. Kunali kudzipha pang'onopang'ono, kungoti panalibe wokuuzani. Sindikunyoza, ndikungonena zoona.

Injini ndi chitsulo chabe. Chimene ndingakuthandizeni ndi ichi: m'madzi opanda mchere siwonongeka msanga, dzimbiri limayamba ikatuluka n'kukumana ndi mphepo. Koma musalole munthu aliyense atsike kumeneko.

Moni kwa onse pakhomo.

Mphwanu,
Dyson


Mudzi wa Msumbi, Mtakataka
16 Okutobala 2023

Dyson,

Moni ndakupatsa chifukwa ndi mwambo.

Kalata yako Feston anaiwerenga mokweza padoko, asodzi onse alipo. Za mbuzi anaseka. Atafika pa maliro osalengezedwa palibe anaseka, onse anayang'ana ine.

Ndikukumbutse, mwina mchere wa kumeneko wakulowa m'mutu. Amene anakuphunzitsa kutsegula maso m'madzi ndine, uli ndi zaka sikisi, ukulira kuitana amayi ako. Ndisanagwire komporesa ndinali bilamani ku Malombe. Ndinkatsika ndi mpweya wa m'chifuwa changa kukamanga ukonde pansi, wopanda galasi, wopanda mapazi a bakha amene mumavalawo. Kenako zaka 19 pa kampani yogwira nsomba zamitundumitundu zija. Kabudula, galasi long'aluka pakona, payipi pakamwa, miyala m'matumba, basi. Mikwamba 20 ndinkafika kawiri pa tsiku. Mbuna zimene azungu akowo amaweta m'magalasi m'nyumba zawo, agogo ake ndinagwira ndine.

Ndinaimirira padokopo ndi ndodo yanga, ndinawauza kuti zaka 19 zonsezo sindinadwalepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinati maliro anga ngati achedwa kulengezedwa, wolengeza wake ndi waulesi kwabasi. Anthu anaomba m'manja.

Ukuti zida zanu ndi zofanana. Ana a kwaya ku Mua nawonso malaya awo ndi ofanana, koma si onse amaimba.

Ukuti injini ndi chitsulo chabe. Iwe ukunena uli pa tebulo lanulo. Kuno ife okhala m'mbali mwa nyanja tikudya masamba ouma, ndipo Dorica akupempha usipa kwa anthu amene chaka chatha ankapempha kwa iye.

Ndinakufunsa zinthu ziwiri, kubwera kapena kutiuza chochita. Wayankha chachitatu chimene sindinafunse, chakuti ndiwe wamkulu. Tamva. Usabwere, khala ndi tochi yako kumanzere. Tiona tokha.

Ezekiele


Mudzi wa Msumbi, Mtakataka
5 Novembala 2023

Dyson mphwanga,

Uli bwanji? Masabata atatu osayankha. Ngati wakwiya, kwiya, koma iyi uwerenge mpaka kumapeto.

Feston wabwera ndi komporesa. Waibwereka kwa munthu wopopa matayala ku Chipoka. Payipi yake ndi yothirira kudimba, yolumikiza malo atatu ndi mphira wa chubu. Ndinanunkhiza mpweya wake, ukununkha oilo. Akuti atsika yekha. Kusambira amatha, koma sanapitepo pansi kuposa mikwamba iwiri moyo wake wonse.

Ndinamuletsa. Anandiyankha ndi mawu anga omwe. Akuti, "Si inu munati zaka 19 osadwala? Ine ndikungofuna tsiku limodzi."

Ndiye tamvera. Padoko paja ndinanama. Mwendo uwu sindinagwe pa lole ku Salima monga ndimauzira anthu. Amayi ako za lole sanazikhulupirirepo, iwo amati ndinalodzedwa, nawonso ndi kutali. Mu 1998 ndinakhalitsa pansi tsiku lina, ndipo nditatuluka, ndisanavule n'komwe galasi, chiuno chinayamba kutentha ngati wina wathiramo makala. Ndinagona miyezi iwiri, ndinadzuka ndi mwendo umene ukuudziwawu. Chaka chotsatira mnzanga Hamidu, amene tinkagona chipinda chimodzi, anatuluka m'madzi osamva miyendo yonse iwiri. Anatha patapita masiku anayi. Kampani inati ndi malungo. Ifenso tinati ndi malungo, chifukwa mawa lake ntchito tinkaifuna.

Dzulo ndinamukhazika Feston pansi ndinamuuza zimenezi. Anaseka. Akuti, "Ababa, kale munati lole, mwezi watha munati simunadwalepo, lero mukuti madzi. Mawa mudzati ng'ona." Munthu ukanama kawiri, chachitatu ngakhale chikhale choona palibe amachitola.

Mitambo yayamba kuunjikana ku mapiri a Dedza. Ndamunyengerera kuti adikire mpaka pa 26, Lamulungu la Khristu Mfumu. Wavomera, osati chifukwa cha ine, koma chifukwa mpoto ukuwomba kwambiri masiku ano. Likapita tsiku limenelo alowa, ndifune ndisafune. Ndipo akalowa, wogwira payipi m'boti ndidzakhala ine, chifukwa padoko lonse palibe wina amene anaigwirapo. Taganiza zimenezo. Ine kukhala pamwamba n'kumatsitsa mwana wanga.

Zimene unanena zakuti kunali kudzipha, sunaname. Kungoti unanena ngati munthu wolavula ali mumtengo, osayang'ana amene wakhala pansi. Sindikupepesa. Ndikupempha. Injini isiye, ikwiririke. Bwera udzamuletse msuweni wako. Mwina iwe akumvera, uli ndi mapepala.

Malume ako,
Ezekiele

Alamu, ndine Dorica. Ndawonjezera panopa apongozi sakudziwa. Lamba wa komporesa ndinamubisa m'thumba la madeya. Amuna anga, bambo a Getrude, akuganiza kuti ana anakaseweretsa, koma akuti akagula wina ku Golomoti tsiku la msika. Wachiwiri sindidzatha kubisa, adzazindikira. Foni ikuonetsa kuti makalata mukuwatsegula. Ngati simubwera nenani, ndidziwe choti ndichite ndi ana atatuwa.


Sodwana, South Africa
14 Novembala 2023

Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino. Sindinakwiye. Poyamba ndinachita manyazi, kenako ndinkadikira kuti ndiyankhe ndili ndi nkhani yabwino m'manja. Nkhani yabwinoyo sinabwere.

Mutalemba kuti muona nokha, ndinadziwa kuti wina atsika. Ndinapita ku gulu lathu, tilipo anthu naini, ndinapempha awiri okha kuti tipite limodzi. Timaphunzitsidwa kuti mnzako sumusiya yekha, ndiye ndinalibe nkhawa. Anati tiona. Ndinadikira tionayo masabata atatu. Kalata yanu ya komporesa itafika ndinapitanso, ndinawamasulira yonse. Wina anafunsa ngati kuli ng'ona. Wina anati akukonzekera ulendo wokabira m'mapanga, sangasokoneze. Aphunzitsi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati gulu lathu silitola zitsulo m'madamu. Ndinati si damu, ndi nyanja, ndipo nkhani si chitsulo, ndi munthu. Anati munthu wosaphunzira akasankha kudzipha si mlandu wa gulu. Anawonjezera kuti ndikakalowa ndi munthu wakunja, chizindikiro cha gulu ndichotse pa zovala zanga.

Anthu amenewa ndakhala ndikuwadzazira mabotolo zaka zinayi. Ndimadziwa amene amamaliza mpweya msanga akachita mantha, ndipo sindinauzepo munthu.

Njira yathu ndikuikhulupirirabe, amalume. Inandipulumutsapo kawiri. Koma chizindikiro chija ndachisosola ndi lezala.

Ndekha sindilowa, pamenepo sindisintha. Ndiye ndinaimbira mayi wina dzina lake Zainabu, amaphunzitsa alendo kubira ku Cape Maclear. Zaka ziwiri zapitazo ndili pa tchuthi ndinaona zida zake, china chofiira, china chachikasu, mpeni pa mwendo, ndipo ndinamuuza pamaso pa alendo ake kuti tsiku lina adzapha munthu. Foni yanga anaidula kawiri. Kachitatu anamvetsera, ndiye anati, "Ndibwera chifukwa cha msuweni wakoyo. Mabotolo unyamula ndiwe, ndipo ukangoyamba ulaliki ndikwera minibasi."

Mwati ndidzamuletse Feston. Feston saletseka injini ili pansi, mukumudziwa. Ndibwera kudzaitulutsa. Ndinyamuka pa 21, ndidzalowera pa Dedza n'kutsikira ku Golomoti. Mumuuze kuti iye akonze thabwa la kumbuyo, kumanga injini ndi kwanga. Mupezeretu makaniko, adzakhale padoko tsiku limenelo ndi zida zake. Pakufunikanso zingwe ziwiri zolimba ndi boti lina lotikoka.

Alamu anga a Dorica muwauze kuti ndamva.

Mphwanu,
Dyson


Mudzi wa Msumbi, Mtakataka
3 Disembala 2023

Dyson mphwanga,

Wafika bwanji? Dorica akuti unatumiza chithunzi uli pa boda, ndiye ndikuti pano uli pa ntchito, ngati ntchitoyo ikadalipo. Undiuze, usabise.

Ndiyambe ndi zabwino. Injini yalira. Makaniko uja anaiphwasula pa mphasa Loweruka lomwelo limene munaitulutsa, monga unaonera, Lachitatu inatsokomola, Lachinayi inalira mpaka agalu kuthawa. Lachisanu mvula yoyamba inagwa, ndipo dzulo madzi a m'mbali monse anali ngati thobwa. Tikanachedwa sabata imodzi, basi. Komporesa Feston wakabweza yekha ku Chipoka pa njinga.

Unachoka Lolemba mothamanga, ndipo ine pamaso sinditha kuyankhula. Pali zimene zinachitika m'boti iwe uli pansi. Palibe anakuuza chifukwa ndinawaletsa, ndinati ndidzalemba ndekha.

Koma ndiyambe ndakudzudzula. M'mawa muja padoko unayala zida zako pa lona ngati wogulitsa kaunjika, ola lathunthu ukuziyendera, Zainabu atakhala pa botolo akudya mango. Zimenezo zilibe kanthu, ndi ntchito yako. Koma Feston atatola payipi yako yaitali ija kuti aione, unamumenya dzanja n'kuti, "Osagwira, sunaphunzire." Pamaso pa antchito ake awiri, pamaso pa mkazi wake. Anachoka, anakakhala kuseri kwa boti akukhoma thabwa lokhomedwa kale. Ndiye pamene unkafotokoza dongosolo iye panalibe. Ine ndinalipo, koma theka la mawu ako linali Chingerezi. Ndinamva zakuti mutsikira pa chingwe cha nangula n'kukwereranso pomwepo. Ndinamva zakuti chingwe chachiwiri mukachigwedeza katatu tikoke injini. Zakuti mudzaima panjira ndinamva, koma ndinkayesa ndi kuima kopuma kamodzi kapena kawiri.

Munalowa. Tinadikira nthawi yaitali, dzuwa likuwotcha. Kenako chingwe chinagwedezeka katatu. Feston ndi antchito ake anakoka, injini inatulukira yakuda bii ndi matope, tinaigwetsera m'boti. Anthu a m'boti lotikoka lija anayamba kuimba.

Nyimbo itatha, inu munali musanatuluke. Thovu likubwera malo amodzi, inu ayi. Wina anati akodwa mu ukonde wakale. Wina anati thovulo ndi la botolo, munthu wake anapita kale. Feston anayang'ana madzi, anayang'ana ine. Anati, "Ababa, amira." Ndiye anagwira chingwe cha nangula.

Ukudziwa mmene tinakulira kuno. Bilamani akachedwa sufunsa, umakoka. Ndi chikondi chimenecho kwa ife. Antchito aja nawonso anagwira.

Ine ndinakwawa ndi mwendo wangawu n'kukhalira chingwecho.

"Chokanipo ababa."

"Sindichoka."

"Ndi mwana wa azakhali uyu. Mukawauza chiyani azakhali?"

Munthu amene unamumenya dzanja m'mawa, misozi ili m'maso chifukwa cha iwe. Anandikankha. Ndinamumenya ndi nkhafi pa mkono, chizindikiro chake chikadalipo. Ndinati andipatse galasi lapadera la Zainabu limene linali m'chikwama, ndipo agwire miyendo yanga m'malo mwa chingwe. Ndinagona pamimba m'mbali mwa boti, ndinaviika nkhope. Zaka 24 ndisanayang'ane m'madzi ndi galasi.

Ndinakuonani. Mikwamba itatu pansi pa boti, mutagwira chingwe, mutagona chafufumimba, mukuyang'anizana. Iwe ukuyang'ana wotchi. Zainabu akusewera ndi kansomba ndi chala. Palibe amene anali kufa.

Nditadzuka ndinawauza zimene ndikukuuzazi. Pa kampani paja, mbuna za pansi kwambiri sitinkazitulutsa tsiku lomwelo. Tinkaziika mu diramu yoboola, n'kuimangirira pa chingwe pansi pomwepo. Lero kuikweza mikwamba inayi, mawa inayi, mpaka masiku anayi kapena asanu. Ukafulumira nsomba imatupa mimba, maso amatuluka, bwana amakalipa. Nsomba tinkaidikira masiku asanu. Ife omanga diramuyo tinkangokwera ngati chigubu chopanda madzi. Palibe anatiuza kuti nyama ndi imodzi, ndipo ine ndi Sitandade 5 yangayi sindinaziphatikizepo zaka zonsezi, mpaka nditakuonani pa chingwe paja.

Ndinawauzanso china, chimene m'kalata ija ndinasiya. Tsiku la Hamidu, pa payipi ndinali ine. Anachedwa. Ndinachita mantha, ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, dzanja ndi dzanja, ndikuti ndikupulumutsa mnzanga. Anatuluka maso ali gwa pa ine, akufuna kunena kanthu. Mwina iye anali atazindikira kale za diramu, ankakwera pang'onopang'ono mwadala. Sindidzadziwa. Mkazi wake anandithokoza pa maliro kuti ndinayesetsa.

Feston ulendo uno sanaseke. Anasiya chingwe, anakhala pa injini yake yonyowayo, manja m'khwapa ngati akuopa kuti angachigwirenso okha. Tinadikira mpaka munatuluka.

Ndipo ukukumbuka mawu ako oyamba? Osati moni, osati injini ili kuti. Unati, "Ndani amagwedeza chingwe?" Ine ndinati funde. Si funde. Linali dzanja limene unamenya lija. Ukanamusiya agwire payipi yako n'kumufotokozera m'Chichewa, akanadziwa. Lamulo lanu lakuti zida zikhale zofanana ndi labwino, ndaona. Koma a m'boti nawonso ali pa chingwe chomwecho, muziwawerengera.

Zainabu podikira minibasi anandiuza kuti pansi paja kunali kosaoneka ngakhale dzanja lako lomwe, ndipo ukonde wakale unamukola kumsana. Akuti unamumasula ndi manja okha osayang'ana, osavundula matope, ngati ukumasula mwana pa mbereko. Anati, "Agogo, mphwanuyu ntchito amaidziwa. Pakamwa pokha m'pofunika chipatala." Ndinati chipatala cha Mua chinalephera malume ake, sichingathe mphwake.

Dzulo madzulo Feston anabwera ndi usipa woyamba m'beseni, anauika pakhonde, osachoka. Anakanda m'mutu, ndiye anafunsa, "Ababa, Dyson akanapanda kubwera, payipi ija mukanaigwira?"

Ndinamuuza kuti ayi, ndikanaidula ndi chikwanje. Anagwedeza mutu, anapita kwawo wokhutira.

Iwe ndikuuze zoona, chifukwa kunama ndatopa nako. Sindikudziwa. Akanalowa ndithu, ndipo ndikanakana kugwira ine akanagwira munthu wosadziwa. Ndinaganiza zimenezo masabata atatu, chakudya chikundikanika, yankho sindinalipeze. Pano sindikufunikanso kulipeza. Zikomo chifukwa cha chimenecho, kuposa injini.

Uziimbira amayi ako.

Ndine malume ako,
Ezekiele Kamtedza